Lero Ine, Mawa Iwo

Kum'mawa kukamayera, Emelia amakhala atapemphera kale, makina oyezera BP atawakulunga m'majumbo awiri kuti asalowe madzi. Amatsikira kudooko, n'kukwera mwadiya, bwato losema lija, kuwoloka Shire kupita kwa Nyachikadza. Si namwino ayi. Ndi mayi wolima mapira amene sukulu analekezera Fomu 2. Bungwe lina la zaumoyo litafuna anthu odzipereka, akumpingo anatchula iyeyo chifukwa amalemba zowerengeka ndipo saulula za eni.

Bungwelo linabwera ndi nzeru yake. Linati ndalama zambiri za chipatala zimathera pa anthu ochepa, aja amagwa mwadzidzidzi n'kufuna ambulansi ndi bedi kwa milungu. Choncho linasankha anthu khumi ndi asanu m'dera lililonse, amene magazi awo ankathamanga koopsa, kuti aziyenderedwa pakhomo ndi kulandira mapiritsi a mwezi wonse. Otsalawo anauzidwa kuti azipita okha kuchipatala, ulendo wodya tsiku lathunthu. Lamulo linali lakuti wodumphitsa mankhwala afufutidwe, malo ake apatsidwe wina.

Pa anthu a Emelia panali a Geresomo, msodzi wokalamba amene anasiya ukonde maso atayamba kuchita chifunga. Ankamulandira ndi moni wakwawo komanso nthabwala.

"Mwacherwa tani, a dokotala a m'jumbo? Lero mwabwera kudzandifinyanso?"

"Bweretsani mkono, baba. Pakamwapo mutseke, makinawa sagwirizana ndi anthu olongolola."

"Ndiye akanakhala mkazi wanga, bwenzi ukwati utatha kalekale."

Akazi awo, mayi Sellina, ankaseka ali pamphasa, atagwira mutu.

Chimene chinkamusowetsa mtendere Emelia n'chakuti manambala a a Geresomo sankatsika. Mapiritsi akawawerenga ankakwana ndendende: tsiku limodzi, piritsi limodzi, mwezi ukatha paketi yatha. Mchere anawaletsa, kachasu analeka okha. Miyezi inayi inadutsa akudziimba mlandu kuti mwina ndi iye amamanga molakwa lamba wa makina.

Lachiwiri lina mwadiya unanyamuka msanga, ndipo anafika pakhomopo asakumuyembekezera. Anapeza a Geresomo atagwira paketi, mayi Sellina akumeza piritsi ndi madzi a m'chikho.

"Baba, n'chiyani chimenechi?"

Mkuluyo sanabise. "Lero ndi tsiku lawo. Dzulo linali langa. Lero ine, mawa iwo, basi."

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire paketi yoyamba. Tsiku loyeza lija iwowa anangoperewera pang'ono, sanalembedwe. Koma chizungulire chathu n'chimodzi. Zaka makumi anayi takhala tikugawana nsomba imodzi, ine kumutu iwo kumchira. Ndiyambe lero kumeza ndekha iwo akundiyang'ana?"

"Mankhwala si nsomba, baba. Mukatere, nonse awiri simukuchira."

"Ndinawakaniza, mwanawe," anatero mayi Sellina, maso ali pansi. "Koma ukuwadziwa. Amati ndikakana iwonso samwa."

Emelia anamanga lamba pamkono wa mayiwo. Nambala imene inatuluka inaposa ya amuna awo. Anayeza kachiwiri, inali yomweyo.

Anakhala pansi pa mtondo buku lili pamiyendo. Akalemba zoona, a Geresomo afufutidwa, ndipo pakhomopo sipafikanso ngakhale theka lomwe ankagawanalo. Akalemba bodza, Mulungu akuona. Cholembera chinakhala m'manja mpaka mthunzi unasuntha. Kenako analemba kuti, "Akumwa tsiku lililonse." Lamulungu lotsatira sanapite kukalandira mgonero, ndipo sanauze munthu chifukwa chake.

Sabata iliyonse ankawachonderera. A Geresomo ankavomera ndi mutu, "Takhuta, zikomo, tamva," iye akangotembenuka n'kupitiriza zomwezo. Emelia anawakakamiza mayi Sellina kupita kuchipatala, ndipo anapitadi kamodzi, miyendo yotupa, kukwera mwadiya kenako kabaza. Anabwerako atagona panjira, n'kunena kuti ulendo umenewo ndiwo udzawaphe matenda asanawaphe.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likung'amba nthaka, a Geresomo anagwa akukumba mbatata kudimba. Anthu anawanyamulira pachitseko mpaka kudooko. Ambulansi ija bungwe linkapewa inabwera ndithu, ndipo bedi analigonera milungu itatu. Anabwerako mbali yakumanja itafa, pakamwa patapotoka. Nthabwala zikadalimo m'maso mwawo, koma lilime silizinyamulanso.

Tsopano paketi amasunga ndi mayi Sellina. M'mawa uliwonse amawatsegula kukamwa amuna awo n'kuwamwetsa piritsi, osadumpha tsiku. Iwo eni samwanso. Amawadzutsa, kuwasambitsa, kuwakokera pamthunzi, kenako amakhala pansi kudikira kuti dziko lileke kuzungulira. Manambala a a Geresomo atsika bwino, ndipo m'buku zikuoneka zokongola. Emelia amayezanso mayiwo ngakhale alibe mzere wowalembapo, nambalayo n'kungoisunga mumtima. Amati akaiona amatembenuza makina kuti mayiwo asaone nkhope yake m'kagalasi, kenako amawathandiza kutunga madzi, poti china choti angachite palibe.

A Geresomo asanagwe, m'mwezi wa Julayi, Emelia anang'amba tsamba pakati pa kope n'kulembera a Humphrey, omwe amayang'anira odzipereka onse m'chigawocho. A Humphrey ndi munthu wabwino. Analipinda bwinobwino, naliika m'thumba la malaya, n'kunena kuti akalipereka kwa akuluakulu, poti iwo alibe mphamvu yowonjezera dzina. Mapira afesedwa, amera, afika m'chiuno, yankho silinabwere. Kalatayo inali ya mizere itatu:

"Ndikupempha kuti mayi Sellina, akazi a bambo Geresomo, muwalembe akhale a nambala sikisitini. Khomo ndi lomwelo, mwadiya ndi womwewo, ine sindidzatopa. Chonde ndiyankheni madzi asanadzaze."