Ukwati Wathu wa ku Boma

Bambo anga atabwera ku Nairobi kudzachitidwa opaleshoni ya diso, anakana kufikira kwathu ku Donholm. Anakagona kunyumba ya alendo ya mpingo wina ku Madaraka, pomwe ife tinali titawakonzera chipinda ndi bulangeti lolemera, poti unali mwezi wa Julaye ndipo kuno kumazizira zolowa m'mafupa. Chifukwa chake sanabise. Kwa iwo, ine ndi amuna anga sitinali pabanja, tinkangokhalira limodzi.

Ukwati wathu tinamangitsa ku ofesi ya boma. Amuna anga ndi Mkatolika wa ku Dedza, ine mwana wa mkulu wa mpingo wa Chipresibiteriyani ku Kasungu. Titaona kuti nkhani ya tchalitchi chokadalitsirako ukwati siikutha, tinangotenga anzathu awiri akhale mboni, n'kukasaina. Tinadya chipisi ndi nkhuku, masana tinabwerera kuntchito. Nditawauza bambo pafoni anangoti, "Chabwino, ndamva." Kuyambira pamenepo amuna anga anasanduka "mnyamata uja". Zinkandipweteka, sindinama. Mwana wathu anali atayamba kuyenda agogo ake asanamunyamulepo.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzira mbiri ya mpingo pa koleji ina ndikaweruka kuntchito. Tinafika pa Apyuritani, Angerezi aja anawoloka nyanja kukamanga midzi ku Amereka kuti azikapembedza mmene ankafunira. Powerenga za iwo ndinkangoseka ndekha, chifukwa tsamba lililonse ndinkaonapo bambo anga. Anthuwa ankakhulupirira kuti boma lili ndi udindo wolanga tchimo. Wojomba kutchalitchi ankapatsidwa chilango, woledzera ankamuika poyera kuti mudzi wonse umuone, ndipo pa Sabata panalibe zogwira ntchito kapena kuyenda ulendo wachabe. Kwathu bambo ankazimitsa wailesi Loweruka madzulo n'kudzaitsegula Lolemba. Akanabadwira kumeneko, akanawasankha kukhala wapampando popanda wopikisana nawo.

Koma tsamba lina linandidzidzimutsa. Anthu okhwimitsa zinthu chonchiwa ukwati sankamangitsa kwa abusa. Ankati m'Baibulo mulibe ndime yonena kuti imeneyi ndi ntchito ya mbusa, choncho ankapita kwa woweruza wa boma, ndendende mmene tinachitira ife. Mumtima ndinati basi, bambo ndawapezeketsa. Ine ndi makani tinabadwira limodzi.

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi, imene kuno amati matatu, kupita ku Madaraka, buku lili m'chikwama. Ndinawapeza akuothera dzuwa pabwalo, diso limodzi atalimata bandeji, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Bambo, Apyuritani mumawadziwa?" ndinafunsa titapatsana moni.

"Ndinawamvapo kwa abusa ena. Akuti anali anthu oopa Mulungu."

"Eya. Ndiye anthu oopa Mulunguwo ukwati ankakamangitsa ku boma."

Ndinafotokoza zonse, mpaka kuwawerengera ndime yake n'kuwamasulirira. Anamvetsera osandidula pakamwa. Nditamaliza anaika kapu pansi.

"Zikomo, aphunzitsi. Nanga ankhoswe awo anali ndani?"

Ndinati bukulo silinanene za ankhoswe.

"Woweruzayo ankawadziwa anawo?"

Apa ndinavomera, ngakhale monyinyirika. Inali midzi yaing'ono. Woweruza ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ndipo mnyamata sankafunsira mtsikana makolo asanalole.

"Nanga wokusainitsani uja wa ku ofesi, mutakumana lero m'matatu mwanumo, angakuzindikire?"

Ndinapukusa mutu.

"Iwe ukuyesa ndikulirira keke ndi velo," anatero bambo. "Mayi ako ndinawakwatira popanda keke. Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti uli kutali, mwana wanga. Mukayambana uthawira kwa yani? Utadwala mwakayakaya, mnyamata uja angauze yani kwathu? Nanga ine ndingakafunse yani kwawo? Sindidziwa ngakhale khomo limodzi la kwawo. Ndikangolowa m'nyumba mwanu, ndiye kuti ndavomera kuti ukhale wopanda wokulankhulira."

Buku lija ndinalibwezera m'chikwama. Nthawi yonseyi ndinkaganiza kuti akuchita nane manyazi pamaso pa akulu anzawo a mpingo, osadziwa kuti anali ndi mantha. Ndinalira pabwalo pomwepo, mlonda wa pageti akuyang'ana kumbali.

Amuna anga si munthu wa zonena zambiri. Nditawafotokozera anangoti, "Sawa," mmene a kuno amanenera kuti chabwino, n'kuimbira malume awo ku Dedza. Malumewo anayamba ndi kuwakalipira. Nawonso anali akudikira kuyambira kalekale kuti auzidwe mwaulemu, osati kungoona zithunzi pafoni.

Lolemba amuna anga anapempha kuntchito, anavala jekete, tinanyamula mwana n'kupita ku Madaraka. Mipando inalipo koma iwo anakhala pa udzu. Anaimba nambala ya malume, n'kupereka foniyo kwa bambo ndi manja awiri. Akuluakuluwo anayamba ndi mvula, anadutsa pa mtengo wa feteleza, anafunsana za midzi ndi mifunda, mpaka ndinayamba kuopa kuti mayunitsi atha nkhani isanayambe. Pamapeto pake anagwirizana kuti malume anga, achimwene a mayi, apite ku Dedza akaonane maso ndi maso.

Za kudalitsa ukwati kutchalitchi bambo sanazisiye ayi. Mpaka lero amakumbutsa, ndipo ine ndikawayankha ndi Apyuritani amati anthu amenewo anali abwino koma pamenepo anaphonya.

Koma tsiku limenelo, atabweza foni, anatembenukira kwa amuna anga.

"Apongozi, ku Donholm kwanuko n'kutali?"

"Ayi bambo, si patali, jamu ya magalimoto ikapanda kutigwira."

"Kanditengereni chikwama changa m'chipindamo."

Amuna anga atalowa, bambo anatambasulira manja mwana uja, amene anali atabisala kuseri kwa siketi yanga. Ndinamunyamula n'kumuika pamwendo pawo.

"Osati mbali imeneyo," anatero. "Bwera naye kuno, diso loona ndi ili."