Nsapato Zimene a Holroyd Anakana Kusoka

Hester anawaona koyamba a Jabez Holroyd tsiku limene meya wa tauni yawo anabwera kudzayendera fakitale ya nsapato. Amuna onse anavula zipewa. Bambo mmodzi yekha, wamfupi, wa jekete lotuwa, anangoima chipewa chili kumutu. Mnzake wa pamakina anamunong'oneza kuti eni fakitale ndi omwewo, ndipo a mpingo wawo wa Akweka savulira munthu chipewa, ingakhale mfumu.

Bambo awo anali wosoka nsapato wa m'mbali mwa msewu. A Jabez atalemera anamangira antchito nyumba za njerwa, iliyonse ndi kadimba kake, kenaka sukulu ya akuluakulu. Malo omwera mowa okha anakaniza. Amuna ankaseka kuti bwana akufuna anthu ake akafike kumwamba kukhosi kuli gwa.

Nkhondo itabuka mu 1914, boma linafuna nsapato za asilikali. A Holroyd anakana, poti mpingo wawo sulola kuthandizira nkhondo. Mafakitale ena ntchito inawachulukira, koma kwawo makina anayamba kuima. Anagulitsa akavalo ndi ngolo yawo kuti anthu asachotsedwe, komabe pofika Khirisimasi amuna ambiri anali pakhomo, ntchito itatha. Wilfred, mwamuna wa Hester, anali mmodzi wa iwo. Anakalembetsa usilikali, ndipo ponyamuka anaseka kuti akamupha ndi matuza a nsapato za mafakitale ena, osati zipolopolo. Kalata ya imfa yake inafika mu Meyi.

Lachitatu lotsatira a Holroyd anagogoda pakhomo pa Hester. Anakhala pampando wa Wilfred, manja pamaondo, osanena kanthu, monga amachitira Akweka akamapemphera. Ola litakwana anamugwira dzanja n'kumapita. Anabweranso Lachitatu linalo, ndi linanso, mpaka zaka zisanu ndi chimodzi. Hester ankawathirira tiyi, tiyiyo n'kuzizira m'kapu. Akazi anzake ankamufunsa chimene amalandirira munthu amene anamuphetsa mwamuna. Sankadana nawo. Mumtima munali zii. Chiyambire kalata ija misozi inali isanatuluke, ndipo ankaganiza kuti atangowamva akuvomera kuti analakwa, mwina angalire.

Mawindo a fakitale anagendedwa kawiri. Nkhondo itatha, a Holroyd anayamba kutumiza nsapato kwa ana amasiye a ku Germany, dziko la adani aja, ndipo anthu ena analeka kuwapatsa moni.

Chaka chomaliza a Holroyd ankabwera ndi ndodo, akupuma mobanika. Lachitatu lina, kutatsala mwezi kuti amwalire, Hester anayankhula maso ali pansi.

"Bambo Holroyd, a boma aja akanabweranso lero, mukanatani?"

A Holroyd anamuyang'ana.

"Hester, silipita tsiku osamuona Wilfred ataima pamakina pake. Koma sindingakunamize, mwanawe. Ndikanakananso."