Mpeni wa Puleni ya Atate

Lolemba lapitali puleni ya malemu atate inandigwiritsa fuwa lamoto. Ndi yamtengo, ya kumishoni, yakale kuposa ine. Ndinkapala thabwa la bokosi la mwana wanga Esitere, mpeni wake n'kugunda msomali, benthu! Ukwati wake ndi Loweruka lino. Kodi mwana wa mphunzitsi angalowe kwa apongozi ake zovala zili m'thumba la chimanga?

Kusitolo kuno ku Fort Jameson mwini wake anaitembenuza puleniyo nati, "Zotere anasiya kupanga. Dikirani yachitsulo, ichokera ku Salisbury mwezi wamawa." Masiku ano a Chitaganya chabwino chilichonse chili ku Salisbury, ndipo chimabwera mwezi wamawa.

Ndinayamba kufunsa za mpeni wakale. Kalipentala wa kumsika anati, "Ine ndilibe, koma a Banda a ku Mwami ali nayo itatu!" Ndinapalasa njinga mpaka ku Mwami. A Banda anandipatsa mpando ndi mtedza, kenaka n'kundiuza kuti iwo ntchito yawo ndi yosoka nsapato.

"Koma musadandaule, aphunzitsi. Pitani ku Chiparamba kwa a Zulu. Kumeneko mukachita kusankha."

M'mawa mwake ndinafika ku Chiparamba, n'kumva kuti a Zulu anamwalira kalekale. Akazi awo anali pakhonde, akusenda chinangwa. Nditayang'ana m'manja mwawo ndinaona chimene ndinkafuna. Mpeni wa puleni, atauzenga kansanza!

"Amayi, chitsulocho mungandigulitse?"

"Chimenechi? Bambo, amuna anga anali kalipentala moyo wawo wonse, koma nyumba yawo osaiikira chitseko. Ine ndiye ndachipezera ntchito yeniyeni."

"Ndikubweretserani mpeni watsopano wa kusitolo."

"Mpeni sutseka nyumba. Taonani pakhomopo."

Panali polendewera chiguduli. Tinapangana pomwepo: iwo andipatse chitsulo, ine ndiwakhomere chitseko ukwati ukatha. Anayamba atsiriza chinangwa chawo chonse, ine ndili chilili. Bokosi ndalimaliza, ngakhale matabwa ake akununkha makaka pang'ono.

Tsono owerenga anzanga, chikundivuta ndi ichi. Bwanji ife sititha kunena kuti "sindikudziwa"? Ukafunsa njira, mankhwala a chifuwa, kapena ng'ombe yosokera, munthu aliyense ali ndi wina amene "ali nazo ndithu". Timaona ngati kubweza mlendo chimanjamanja n'chipongwe, ndiye timamupatsa ulendo. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Zoona. Koma wofunsayo naye anakakhala pansi chammbali masiku atatu, chishalo cha njinga chitamulanga.

Ndinalumbira pamaso pa mayi a Esitere kuti ine khalidwe limeneli sindidzalichita.

Dzulo mlembi wina wa ku boma anandiimitsa pamsewu, akufuna chogwirira cha sowo ya agogo ake. Mukuganiza kuti ndinamuyankha chiyani? Pamene mukuwerenga izi, munthuyo ali pa njinga, akulowera ku Katete.