Kapilo ka singano kamene kanagoneka alamu anga milungu itatu

Woyamba kundibweretsera nkhaniyi anali Nachisale, mnzanga wa kutchalitchi amene amagulitsa tomato ku Chinsapo. Lachiwiri lapitali m'mawa, ine ndili pampopi ndikutsuka mbale kwathu ku Kawale kuno, ndinangoona munthu akulowa kumpanda ali wefuwefu, mpango uli m'manja. Foni yanga inagwera m'ndowa sabata yatha, ndiye uthenga uliwonse ukumabwera ndi miyendo.

Nditangomuona ndinati basi, alamu anga atisiya. Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiyambe maliro.

"Amake Tadala, tsekani pakamwapo," anatero Nachisale. "Alamu anu adzuka."

"Alamu anga ati?"

"Muli nawo angati ku Chinsapo? Anabanda omwewo! Ndawasiya akuchapa mabulangete, akuimba, ndipo akalipira kale anthu awiri."

Abale anga owerenga, ndinakhala pansi pamatope pomwepo. Ndinaseka, ndinalira, ndinayamba nyimbo n'kuiiwala pakati. Mpaka lero miyendo yanga ikungofuna kuvina, ndiye mundikhululukire ngati nkhani ya sabata ino ikudumphadumpha ngati kamwana ka mbuzi. Mulungu ndi wabwino, ndipo ine ndaona kuti amadziwanso nthabwala.

Ndiyambe poyambira.

Anabanda ndi akazi a achimwene anga aakulu, a Yohane, akalipentala. Ndi mayi wathupi, wamawu, amene akaseka ku Chinsapo nkhuku za ku Likuni zimadzidzimuka. Matenda awo ndi a bipi basi, ndipo mapilitsi ake amamwa tsiku ndi tsiku osaphonya. Milungu itatu yapitayo anadzuka kuti asese pakhomo, opanda nsapato. Atangotsika pakhonde, china chake chinawabaya chidendene. Kuyang'ana pansi, anaona kansalu kakuda, kozungulira ngati chitumbuwa, kosokedwa ndi ulusi wofiira. Pamwamba pake panabayidwa singano zisanu ndi ziwiri.

Anakuwa. Anthu anasonkhana. Bambo wina analimba mtima n'kukang'amba pang'ono ndi kamtengo. M'kati mwake munali tsitsi. Tsitsi la munthu.

Mukanakhala inu mukanatani? Musaname, tili pamaso pa Mulungu.

Pamenepo aliyense anasanduka dokotala. Wina anati kwawo ku Dowa munthu anaponda zoterezi ndipo sanathe mwezi. Wina anati singano seveni ndiye kuti milungu seveni. Wina anamutsutsa, akuti ayi, ndi masiku seveni. Anakangana ndithu za masiku ndi milungu, mwini phazi ali pomwepo akumva. Pa anthu onse aja palibe ndi mmodzi yemwe amene anati, "Tatiyeni titsuke balali."

Kanthu kaja anakanyamula ndi khasu, kukaika m'chitini kuseri kwa bafa, n'kutsekapo ndi mwala. Kukawotcha ankaopa utsi wake. Kukataya kumtsinje ankaopa kuti kabwerera. Ndiye kanangokhala pamenepo ngati lendi wosalipira, aliyense popita kosamba akumakapatsa ulemu.

Alamu anga anagona pamphasa tsiku lomwelo. Phazi linatupa. Mapilitsi a bipi anasiya, akuti, "Izi ndi za anthu, za kuchipatala sizingalowepo." Chakudya anakana. Mutu unayamba, mtima kumangothamanga, mawondo kulobodoka. Mawu aakulu aja anatha, kumangonong'ona. Neba wawo, Mayi Gondwe, amene anakanganapo naye za chingwe choyanikira zovala, banja lonse linasiya kumupatsa moni. Mukudziwa kale chifukwa chake.

Apa ndiulule tchimo langa. Ine ndinapitako katatu, ndipo ulendo uliwonse ndinkapemphera mpaka thukuta. Koma polowa m'nyumbamo, pamalo pamene panali kanthu kaja ndinkadumphapo. Ndinkatsinzina diso limodzi, linalo lili kubafa. Pakamwa panga pankati, "Alamu, muchira," koma miyendo yanga inkati, "Alamu, mwapita." Mukuganiza kuti wodwala ankamvera chiti?

Ndipo sindinali ndekha. Amayi a kutchalitchi tinkapita gulu, nkhope zitagwa, kukhala mozungulira mphasa, n'kumaimba nyimbo zokoka zija timaimba potsatira bokosi. Munthu ali moyo! Ife tinkati tikumulimbikitsa, pamene tinkamuyeseza maliro ake omwe, iye ali m'maso.

Sabata yachitatu alamu anayamba kugawa zitenje zawo. Anatsegulitsa sutikesi n'kumatchula mayina. Ine ndinalandira chobiriwira cha maluwa achikasu, chimene ndakhala ndikuchisirira zaka ziwiri. Ndinalira kwambiri. Koma ndinachipinda bwinobwino n'kuchiika pansi penipeni pa chikwama. Ambuye andikhululukire, munthu ndi munthu.

Kenako anati awaitanire telala. Bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi inali itawakulira chifukwa cha kuwonda, ndipo iwo anati, "Sindikufuna kukagona m'bokosi ngati ndabwereka zovala." Mwawaona alamu angawo? Ngakhale pa imfa, kutchena kokha ayi sangasiye.

Telala wawo ndi Che Jafali, bambo wachisilamu wochokera ku Machinga, amene amasoka pakhonde la sitolo pafupi ndi ometa tsitsi. Akhala akuwasokera zaka zambiri. Anafika Lolemba m'mawa, tepi ili m'khosi. Nachisale anali pomwepo, ndipo zotsatirazi wandifotokozera katatu, ine osatopa nazo.

Che Jafali anayeza mapewa, anayeza m'chiuno, n'kupukusa mutu.

"Mayi, mwathatu. Kodi kuchipatala akuti ndi chiyani?"

Achimwene anawakokera pambali n'kuwanong'oneza. Che Jafali anati, "Tandionetsani." Anapita kuseri kwa bafa, amayi akusuzumira patali. Achimwene anakankha mwala uja ndi mpini wa khasu, thupi lonse atalibweza m'mbuyo.

Che Jafali anasuzumira m'chitini muja. Anasuzumiranso. Kenako anapisamo dzanja.

Amayi anakuwa. Nachisale akuti iye anafika kumsewu osadziwa kuti wadutsa pati.

"Aa! Kapilo kanga!" anatero Che Jafali. "Milungu itatu ndikukafunafuna! Singano ndakhala ndikungoziluma pakamwa ngati mwana wophunzira ntchito. Ndipo ndani wakang'amba chonchi?"

Anakakutumula fumbi n'kukavala padzanja ngati wotchi, poti kali ndi lasitiki kunsi kwake. Anthu ife mantha anatitseka maso, lasitikiyo palibe anaiona.

Anakalowa nako m'nyumba, anthu akupanikizana pakhomo. Anafotokoza kuti tsiku lija lisanafike, madzulo ake, anabweretsa diresi ya alamu imene anamaliza kusoka. Sanapeze munthu, ndiye anaisiya kwa Mayi Gondwe. Lasitiki inali itatha mphamvu, kapilo kanagwa iwo osadziwa. Mayi Gondwe nayenso diresi ija ankangoisunga, poti akanaibweretsa bwanji kwa anthu amene akumuyang'ana ngati njoka?

Alamu anadzutsa mutu pamphasa. "Nanga tsitsilo?"

"Ndimatola kwa ometa aja, mayi. Tsitsi lili ndi mafuta, singano sizichita dzimbiri nthawi ya mvula. Thonje limasunga chinyontho. Anandiphunzitsa ndi amalume anga amene anandisiyira makinawa."

Alamu anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Kenako, ndi mawu awo akale aja, aakulu aja, anati:

"Ndiye kuti ine Nabanda ndikufa chifukwa cha tsitsi la anyamata a kabaza?"

Anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka misozi. Achimwene, amene milungu itatu sanagwire chipangizo chilichonse, anakhala pansi n'kuphimba kumaso ndi chipewa, mapewa akugwedezeka, osadziwika ngati akuseka kapena akulira. Alamu atapuma anati, "Kodi m'nyumba muno mulibe phala?" Anamwa mbale ziwiri. Anafunsanso ngati mbatata ya dzulo inatsalako.

Koma Che Jafali anali akuwerenga singano zawo.

"Zinalitu eyiti izi. Ina ili kuti?"

Onse anayang'ana phazi lotupa lija.

Tsiku lomwelo anawatengera kuchipatala, ndipo pokakwera galimoto anayenda okha, chotsimphina, atagwira phewa la amuna awo. Kumeneko anawachotsa kachidutswa ka singano m'chidendene, kutsuka mafinya, kuwabaya jakisoni. Atawayeza bipi, nesi anagwira pakamwa. Anawauza kuti singanoyo ikanatuluka tsiku loyamba lomwe, ndipo chimene chikanawapha si singano ayi, koma njala ndi kusiya mapilitsi.

Ndiye ine ndakhala ndikuganiza. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, za m'thupi sindizidziwa. Koma kuwerenga ndimatha. Phala lija anamwa singano ikadali m'phazi. Kuseka kuja anaseka singano ikadali m'phazi. Kuimirira anaimirira singano ikadali m'phazi. Nanga chimene chinatuluka poyamba, chimene chinamasula khosi ndi mawondo, chinatuluka kuti?

Phazi linadwala ndi singano, zimenezo ndi zoona. Koma munthu yense uja anagonekedwa ndi zimene ankakhulupirira, ndipo ife ndi amene tinkazithirira madzi m'mawa ndi madzulo ngati ndiwo za kudimba.

Sindikunena kuti anthu oipa kulibe padziko. Zimenezo ndazisiya m'manja mwa Mwini wake. Ine ndikunena za ife okazonda odwala, ife a mabasiketi ndi mafulasiki. Wodwala sadya phala lokha. Amadyanso nkhope zathu ndi mawu athu.

Taganizani. Mnzathu akangomupeza ndi shuga, nkhani yoyamba imene timamuuza ndi ya malume athu amene anadulidwa mwendo. Mtsikana akakhala ndi pakati poyamba, timamufotokozera za uja anapita ndi mimba. Wina akati mawa akukachitidwa opaleshoni, timati, "Ii, kumene kuja? Limbani mtima." Kenako tikatuluka timati takamuona. Takamuona kapena takamukankha?

Nanga bwanji za aja anachira sitizikumbuka? Alipotu ambiri. Tikukwera nawo minibasi tsiku ndi tsiku, akukanganirana nafe mpando wa kuwindo.

Ndipo inu anzanga opemphera, tiyeni tinene zoona. Pemphero si mdani wa mapilitsi. Amene anapatsa abusa mawu ndi yemweyo anapatsa nesi manja. Ife tinapempha kuti Mulungu atumize moto wochokera kumwamba udzanyeketse chitini chija. Iye anatumiza telala wa ku Machinga ndi tepi m'khosi. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Wathuyu anadza kudzatenga singano zake, n'kutisiyira munthu wamoyo.

Tsopano mverani mmene ndinadzichititsira manyazi.

Nachisale atangomaliza kufotokoza, ndinasamba mothamanga, kuvala, ulendo wa ku Chinsapo. M'minibasi ndinkangoseka ndekha mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndili bwinobwino. Ndinamuuza kuti, "Mwananga, alamu anga auka!" Mayi wina anasuntha kukakhala mpando wakutsogolo.

Ndinawapeza atakhala pakampando, phazi lomangidwa bandeji atalisanjika pa njerwa, beseni lili kutsogolo, achimwene akuwatungira madzi. Ndinawathamangira manja ali m'mwamba, ndikulira mokondwa. Iwo anandikumbatira, kenako anandikankhira m'mbuyo pang'ono n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, mwatchenatu."

Ndinayang'ana m'chiuno mwanga. Chobiriwira. Cha maluwa achikasu. M'chisangalalo chija ndinangotola chimene chinali pafupi ndi mtima.

"Munandipatsatu nokha, alamu."

"Anakupatsani ndi maliro. Maliro aja alephereka. Vulani."

"Pamaso pa achimwene?"

"A Yohane, tayang'anani kumbali. Nachisale wabweza kale chake, atsala anthu folo, ndipo onsewo ndikuwadziwa ndi mayina."

Ndinabwerera ku Kawale nditavala chitenje chakale chimene amafundira pophika, chobooka ndi moto pawiri. Sindinayambe ndakondwapo chonchi polandidwa chinthu. Munthu amene akulanda zitenje zake ndiye kuti akuona Khirisimasi kutsogolo.

Komabe ulendo sunathe, ndipo apa ndiye ndikupempheni. Bala lija silinapole. Bipi sinatsike kufika pamene inali, ndipo thupi limene linatha milungu itatu silibwerera ndi mbale ziwiri za phala. Achimwene anga akuseka, koma ndawaona akamadutsa kuseri kwa bafa akumafulumirabe. Ndiponso pali khomo la Mayi Gondwe, mayi amene anasalidwa popanda mlandu, atasunga diresi ya mnzake mosamala m'pepala. Alamu akuti phazi likangolola, ulendo woyamba ndi wa kumeneko, ndipo akuti umenewo ukuwalemera kuposa wa kuchipatala.

Choncho mukamagwada sabata ino, likumbukireni banja la a Yohane ndi Anabanda ku Chinsapo. Mutchulenso Mayi Gondwe, kuti mtima wake ukatseguke akamva kugogoda. Ndipo ngati mungapite kukawaona, nkhope ya maliro muisiye pa siteji. Mulowe ndi mapazi onse awiri, osadumpha pakhomo.

Ine mundipempherere pang'ono chabe, kuti mtima wanga uchisiye chitenje chobiriwira chija. Lamulungu likubwerali akuti achivala, ndipo akhala benchi la kutsogolo kwanga.