Chitenje cha Asisi ku Shetland

Amene anakonza ulendo wa ku zilumba za Shetland ndi asisi, nesi wa kumpingo kwathu ku Bradford, mzinda wa kunja umene timakhala. Si abale anga, koma ndi amene ankandisungira mwana ndikakhala pa shifiti kunyumba yosamalira okalamba. Anati, "Tiye ukapumeko, iwe. Watha ngati sopo wa kubafa." Ndinavomera, koma chomwe ndinkafuna sikunali kupuma. Ndinkafuna masiku ochepa oti mwana wanga, wa zaka ziwiri, akumbukire kuti mayi ake ndine.

Tinakwera sitima yapamadzi, kenako zina zing'onozing'ono, mpaka pachilumba chakumpoto kwenikweni, kosaoneka mtengo. Kumeneko anamanganso nyumba ya Mavaikingi, anthu akale oyenda ndi mabwato: makoma amiyala, denga la dothi lomera udzu, khomo lalifupi. Pambali pake panali bwato lalitali lamatabwa. Azungu ankajambula denga lija ngati chozizwitsa. Asisi anaseka. "Kwathu denga likamera udzu, anthu amanena mwini nyumba."

Pulamu yokankhira mwana inakanika kulowa pakhomo, ndiye ndinamunyamula mwana m'manja. M'kati munali mdima, fungo la nkhuni zonyowa, mphepo ikulira kudenga. Mwana anayamba kulira. Ndinamugwedeza, ndinamupatsa bisiketi, ndinamuonetsa katuni pafoni. Iye anangotambasula manja kudutsa phewa langa kuloza kwa asisi, akuitana, "Anti."

Asisi anatulutsa chitenje m'chikwama, n'kuwerama. Mwana anakwera yekha kumsana ngati munthu wodziwa njira ya kwawo. Apa m'pamene ndinazindikira kuti amamuika kumsana tsiku lililonse. Ine ndinali ndisanayesepo. Ndinkaopa maso a anthu m'basi, ndinkaopa kuti wina akandinenera kwa oona za ana. Mayi wina wachizungu anamwetulira n'kuwauza asisi kuti mwana wawo ndi wokongola. Asisi anathokoza. Sanamuuze kuti mayi ake ndi ine, amene ndinaima pomwepo ndi bisiketi m'manja.

Ndinatuluka n'kukaima pafupi ndi bwato lija, makutu akutentha m'kuzizira konseko. Ndinkawerenga chikwangwani, osamva kanthu.

Atatuluka ndinati, "Asisi, mundipatse."

"Wagona. Ukufuna umudzutse?"

"Adzuke. Mundipatse ndi chitenje chomwe."

Anamasula chitenje chija. "Werama bwino, osati ngati ukutola singano." Mfundo yanga inamasuka. Yachiwiri anandimangira okha, molimba mpaka mpweya kubanika. Mwana anadzuka, anandiponda ndi timiyendo, akuitanabe Anti. Ndinayenda naye kuzungulira nyumba ija, asisi akukankha pulamu yopanda munthu kumbuyo kwathu.

Sanagonenso. Koma kulira kunatha, tsaya lake linatsamira pakhosi panga, ndipo chitenje chija sindinabweze.