Zala Zosalala za Verna

Nthawi inali itangokwana 6 koloko m'mawa, koma Verna Pidlubny anali atakokola kale chipale chofewa theka la khomo la a Friesen. Ndinkamva fosholo yake ikukhwekhwereza pa simenti ndili kukhitchini kwanga. A Friesen anali kuchilumba china chotentha sabata yachiwiri, akuwothera dzuwa. Chipale chikaunjikana pakhomo, akuba amadziwa kuti eni nyumba kulibe, choncho pamafunika wina wokokola. Mumsewu mwathu muno mu Winnipeg, winayo amakhala Verna.

Takhala moyandikana zaka makumi awiri. Kuseri kwa chitseko cha kukhitchini kwake kuli thabwa la misomali, ndipo pamsomali uliwonse pali kiyi wa nyumba ya munthu. Wanga ndi wachitatu kuchokera kumanzere. Kuyambira Januwale mpaka Malichi anthu amathawa kuzizira mosinthana, ena sabata imodzi, ena mwezi wathunthu. Verna amathirira maluwa awo, amadyetsa amphaka, amatola makalata, amatsegula mipopi kuti madzi asaume ndi kuzizira n'kuphulitsa mapaipi. Pobwerako amamutengera timaginito tomata pafiriji: kansomba, kangole, kachipewa. Chitseko cha firiji yake sichioneka n'komwe. Titatu mwa timaginitoto ndinabweretsa ndine. Iye mwini sanakwerepo ndege.

Kale ankaphika pasukulu. Anasiya zaka khumi ndi chimodzi zapitazo pamene apongozi ake aakazi, a Stefania, anagwa n'kuthyoka m'chiuno. Kuchokera pamenepo amawasambitsa m'mawa uliwonse, amachapa zofunda zawo tsiku ndi tsiku ndi mankhwala oyeretsera nsalu, amakolopa m'chipinda mwawo kawiri. Lachinayi lililonse amapita kuchipinda chapansi pa tchalitchi, kumene amayi amapinda pyrohy, tizitumbuwa toika mbatata m'kati, togulitsa kuti tchalitchi chiziyenda. Kalikonse kamafunika kutsinidwa m'mphepete ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo ta Verna sitiphulika mumphika. Amuna ake, a Orest, amene anapuma pantchito yoyendetsa basi, akafunsidwa amayankha mokoma mtima ndithu kuti, “Mayi akunyumba sagwira ntchito, amangokhala.”

Chaka chino mwana wawo mmodzi yekhayo, Natalka, anakonza zomangitsa ukwati wake pahotela ya m'mphepete mwa nyanja pachilumba china chotentha, pa 21 Febuluwale. Verna anatenga pasipoti yake yoyamba. Anagula diresi yobiriwira n'kuipachika pachitseko cha chipinda, ili m'pulasitiki mwake. A Stefania anawapezera malo a sabata imodziyo kunyumba yosamalira okalamba. Zonse zinali m'malo mwake pamene tinamva za lamulo latsopano: aliyense wopita pachilumbacho azikajambulitsa nkhope ndi zidindo za zala asananyamuke, apo ayi ndege sakwera.

A Orest anakajambulitsa okha Lolemba, ndipo anati zinangotenga mphindi ziwiri. Tsiku la Verna iwo anatenga galimoto kupita kukawedza panyanja imene madzi ake anali atauma pamwamba ndi kuzizira, choncho ndinamuperekeza ndine pa yanga.

Ofesiyo inali kachipinda pakati pa masitolo. Kalaliki wake anali mayi wachitsikana wa zikhadabo zazitali zopentedwa.

“Ikani zala zinayi pagalasipa, mayi. Musakanikize kwambiri.”

Verna anaika. Kanyali kanayaka kofiira.

“Pukutani pamalaya, tiyesenso.”

Kofiira. Anamuuza kuti azipumire mpweya, kenako azikhule pachipumi kuti zitenge mafuta. Anayesa dzanja lina. Anayesa zala zazikulu. Bambo amene anali patsogolo pathu, zala zake zinaoneka pakompyuta ndi mizere yozungulirazungulira ngati thabwa lochekedwa kumene. Za Verna zinkangooneka ngati madontho a phala.

Kalaliki uja anagwira dzanja la Verna n'kulitembenuza.

“Mumagwira ntchito yanji, mayi?”

“Sindigwira ntchito.”

“Ayi, manja awa akugwira ntchito. Zotere timaziona kwa omanga nyumba, ndi ochapa m'zipatala.”

“Ine ndimangokhala pakhomo,” anatero Verna, akubweza dzanja lake n'kulibisa m'thumba la jekete.

Mayiyo sanali woipa mtima. Anafotokoza kuti mizere imabwerera munthu akapumitsa manja. Milungu itatu osakhudza sopo, madzi otentha kapena mankhwala ochapira, n'kumadzola mafuta m'mawa ndi madzulo. Anamulembera tsiku lina, pa 14 Febuluwale, lomaliza lomwe linalipo ulendo usanafike. Zikadzakanikanso, panali njira ya makalata, koma imeneyo imatenga milungu isanu ndi umodzi.

Tinakwera galimoto n'kudutsa mlatho. Kenako Verna anati, “Milungu isanu ndi umodzi. Natalka ndi mwamuna wake adzakhala atayamba kale kukangana za makatani.”

Ndinayesa kuseka. Iye ankangoyang'ana zikhatho zake.

A Orest atamva anaseka mpaka kutsokomola. “Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndi mkazi wosasiya chidindo! Verna, mawa tikathyole banki, apolisi adzalira.”

“Kathyoleni nokha. Mukamangidwa ndipumako.”

Komabe anapita kusitolo n'kubwera ndi chibotolo chachikulu cha mafuta odzola ndi bokosi la magolovesi, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti nkhani yatha.

Ndinali pomwepo m'mawa wotsatira, nditabwera kudzabwereka sefa, pamene Verna analowa m'chipinda cha apongozi ake atavala magolovesi. Mawu a Stefania anamveka mpaka kukhitchini. Ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi ndi chimodzi, koma pakhosi pawo sipanakalambe.

“Chotsa zimenezo!”

“Mama, ndi za milungu itatu yokha.”

“Ndasanduka chimbudzi ine? Zimenezo umavala pokolopa m'chimbudzi, ndimakuona.”

“Izi ndi zatsopano, Mama.”

“Ngati ndikukunyansa, ndisiye ndinunkhe. Usandikhudze ndi mphira.”

Tsiku limenelo anakana kusamba, anakananso kudya. Lotsatira lake Verna anavula magolovesi.

A Orest sakanawasambitsa amayi awo. Iwo sakanatha, ndipo a Stefania sakanalola mwana wamwamuna kuwaona choncho. Anatenga ntchito yotsuka mbale. Lachiwiri anatsuka zonse, ndipo pofika masana msewu wonse unali utadziwa. Lachitatu miphika anaiviika m'madzi kuti ifewe, n'kukakhala pa wailesi yakanema. Inafewa mpaka Verna anaitsuka. Lachinayi kunabwera foni kuchokera kwa a Lesia, mkulu wa amayi a kutchalitchi.

“Verna, tamva za zala zakozo, pepa. Koma tili ndi oda yaikulu ya kumaliro. Ungobwera ola limodzi. Ufa sulumatu.”

Anapita, anakhalako maola anayi. Makiyi a pathabwa paja nawonso sanachepe. A Friesen atabwera, aneba ena, a Sandhu, ananyamuka, ndipo ali ndi amphaka awiri ndi mbale za amphakawo.

Natalka amakhala ku Calgary. Anaimba foni ine ndili pomwepo, Verna n'kuikweza mawu chifukwa manja ake anali ndi mafuta.

“Amayi, ingopumulani basi. Chovuta n'chiyani? Khalani pampando, muzionera kanema.”

“Ndikupumula, mwanawe.”

“Musandichititse manyazi, amayi. Ndani adzandimange nsalu ya agogo kumanja ngati inu kulibe?”

Kwawo, pa ukwati amamanga manja a mkwati ndi mkwatibwi ndi nsalu yopetedwa. Ya banja lawo anapeta a Stefania ali mtsikana. Verna anali ataichapa kale ndi manja, ataisita, ataiika pansi penipeni pa sutikesi.

“Ndidzakhalako,” anayankha. Foni itadulidwa anaimirira kukachotsa zofunda m'makina.

Apa ndiyenera kunena za ine. Ndinamuuza kuti, “Ukafuna chilichonse undiuze.” Mawu amenewa timawanena tonse mumsewu muno, ndipo timawanena podziwa kuti Verna sapempha. Anayankha kuti ali bwino. Ndinkadziwa chimene chinkafunika. Koma ndinasambitsa amayi anga zaka ziwiri mpaka anamwalira, ndipo fungo la sopo wa ana pakhungu la munthu wokalamba limandibwezera m'chipinda chimenecho. Ndinadziuza kuti a Stefania sangandilole. Ndinamupititsira supu kawiri. Mbale yake anaibweza atatsuka.

Tsiku lakhumi ndinapita kukabweza sefa ija. Ndinamupeza atakhala patebulo ndi envulopu yakale ndi kamtengo kopaka milomo kamene anagulira ukwati. Ankapaka pachala n'kudinda papepala. Envulopu yonse inali madontho ofiira osalala, pena ndi pena kamzera kowongoka ka pamene khungu linang'aluka.

“Tabwera, Glenda, tayesa chako.”

“Za ana zimenezo.”

“Tayesa, ndingoona ngati vuto ndi utotowu.”

Ndinapaka, ndinadinda pakona. Mizere inatuluka yonse, yozungulira bwinobwino. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

“Zako n'zokongola,” anatero.

Ndinasowa poyang'ana. Iye anatseka kamtengo kaja, n'kupinda envulopu pakati.

“Mwina zili bwino choncho. Sabata imeneyo a Sandhu adzakhala asanabwere, ndipo Mama kumalo kuja akanakavuta anthu. A Orest adzajambula zithunzi.” Anatembenukira kufiriji. “Adzanditengera kamaginito. Malo alipo apa m'munsimu.”

Sanalire. Chimenecho ndiye chinandiopsa, chifukwa analankhula ndi mawu omwe amalankhulira akamanena kuti mawa kugwa chipale. M'chipinda belu la a Stefania linalira, iye n'kunyamuka. Podutsa anakhudza pulasitiki ya diresi ija ndi kuseri kwa dzanja kuti asaipake utoto.

Ndinabwerera kwathu. Chala changa chinakhala chofiira mpaka madzulo, ngakhale ndinachisamba.

M'mawa wotsatira fosholo sinamveke. Chipale chinali chitagwa, ndipo khomo la a Sandhu linali loyera mbee, lopanda phazi la munthu. Ndinaima pawindo ndi tiyi, ndikudabwa ngati wadwala. Cha m'ma 7 koloko ndinamva kugogoda kwachilendo, kobuntha, m'munsi mwa chitseko. Nditatsegula ndinapeza Verna akugogoda ndi chigongono. Jekete anangoikoleka m'mapewa. Manja onse awiri anawaveka masokosi oyera a a Orest, ndipo mafuta anali atalowerera munsalu.

“Usaseke.”

“Sindikuseka. Lowa, ukuzizidwa.”

Sanalowe. Anaima pachiundo, manja atawakweza pachifuwa ngati si ake.

“Dzulo ndinatulutsa nsalu ya ukwati ija m'sutikesi kuti ndiiike m'chikwama cha a Orest. Ndinayamba kuwafotokozera kamangidwe kake. Anandifunsa ngati mfundo yake ili ngati ya chingwe cha mbedza. Ndinaibwezera momwe inali.”

Ndinadikira.

“Atsala masiku khumi. Sindikudziwa ngati akwanira. Mtsikana uja anati milungu itatu, ine ndamwaza theka.” Anayang'ana masokosi aja. “Ndalankhula ndi Mama. Ndawauza kuti ngati akufuna nsalu yawo imangidwe ndi munthu wodziwa, alole manja ena. Atukwana. Akuti iwe ndiwe wouma ngati nkhuni ndipo supu wako alibe mchere.”

“Akunena zoona.”

“Koma sanakane.”

Kumbuyo kwake basi inadutsa, magalasi ake atachita nthunzi. Verna analowetsa dzanja la sokosilo m'thumba movutikira n'kutulutsa kiyi. Ndinamuzindikira: wa chitseko chawo chakumbuyo, amene pa zaka makumi awiri sanapachikidwepo m'nyumba ya munthu wina.

“Glenda, ndakusungira nyumba kambirimbiri, ndipo sindikuwerengera zimenezo. Ndikudziwanso za amayi ako, n'chifukwa chake ndazengereza mpaka lero.” Mawu ake anatsika. “Chonde, uzibwera m'mawa uliwonse mpaka pa 14, uzindisambitsira Mama. Madzi akhale ofunda pang'ono, uziyambira kumapazi. Ndipo usadzavale magolovesi.”