Alendo a Mayi Telala

Mayi telala oyandikana nafe ndi munthu wodabwitsa! Anzawo amadzala maluwa ogula, koma iwo amadzala akutchire, achikasu, otalika kuposa mpanda. M'mawa, asanakhale pa makina, amayamba apatsa moni njuchi ndi agulugufe.

"Alendo anga afika," amatero. "Awa sabwera ndi miseche."

Tsiku lina mkamwini wawo watsopano, pofuna kuoneka wakhama, anatenga chikwakwa n'kugwetsa theka la maluwawo. Mayiwo anatuluka chothamanga, tepi ili m'khosi.

"Mayo ine, bambo! Alendo anga adya chiyani?"

"Pepani amayi, ndimayesa ndi tchire."

Tonse tinati lero zivuta. Koma mayiwo anangotola maluwa amene anali atauma kale, kuwafikisa m'manja, n'kudzaza njere m'chipewa cha mkamwiniyo.

"Mwadula ndinu, mudzalanso ndinu. Kuyambira pano mpaka kumsewu."

Chaka chino bwerani mudzaone! Mpanda wonse ndi chikasu chokhachokha, njuchi zili pikitipikiti, timbalame tikulimbirana njere. Ndipo tayesani kudutsa pamenepo ndi chikwakwa. Woyamba kukuthamangitsani ndi mkamwini uja.